Za Mawu a Anthu Osindikiza Mabuku

Mwezi wathawu mkulu wina wa mpingo wa kumudzi anafika kwathu ali ndi kapepala m'thumba la malaya. Akhristu a kwawo anasonkha ndalama kuyambira pa nthawi yokolola, kuti asindikize kabuku ka mbiri ya mpingo wawo, momwe mukhale mayina a iwo amene anayamba kupemphera pansi pa mkuyu tchalitchi chisanamangidwe. Ndipo iyeyu ndiye anatumidwa kutauni kukafunsa mtengo wake. Wosindikiza anamlandira bwino, namlembera zonse pa kapepalako. Koma mkuluyo anakayang'ana njira yonse pobwerera, osatolapo kanthu koma chiwerengero cha ndalama chimene chinali pansi penipeni. Anati, "Aphunzitsi, Chingerezi ndichimva pang'ono, koma ichi ndi chinenero china. Ndikawauza chiyani anzanga amene anandituma?"

Tinalandira kapepalako, ndipo tinapezapo izi: A5, 20 pp, 80 gsm, saddle stitch, 500 copies, ndi pansi pake mzere wonena kuti ntchito idzayamba mwini wake atasaina proof. Mkuluyo sananame. Munthu akhoza kutha sukulu zonse za m'dziko muno osakomana ndi mawu amenewa ngakhale tsiku limodzi.

Sitidzudzula osindikiza chifukwa ali ndi mawu awoawo. Ntchito iliyonse ili nawo. Msodzi wa kunyanja adziwa kusiyanitsa chilimira ndi khoka, woumba mbiya ali ndi mayina a dothi lake, ndipo wosula sachita kulongosola chida chilichonse kwa mnzake wa pachipala. Koma pali kusiyana. Mayi wogula usipa pamsika safunika kudziwa dzina la ukonde umene unaukola. Angoona usipawo, naulawa, nagula kapena kusiya. Wogula ntchito ya wosindikiza alipira chinthu chimene sichinaoneke, ndipo chimene agwira m'manja ndi mawu okhaokha olembedwa pa pepala. Ngati mawuwo sawamva, wapereka ndalama za mpingo mumdima. Chifukwa chake tayesa bwino kuika mawu awa pa muyeso, tione amene atumikira anthu athu ndi amene awapunthwitsa.

Tiyambe ndi kuyamika, pakuti choyamika chilipo. Iwo amene anayamba kulemba ndi kusindikiza chinenero chathu, azungu a mishoni pamodzi ndi aphunzitsi ndi anyamata a kuno amene anagwira nawo ntchito, anasankha bwino mayina a ziwalo za buku zimene wowerenga aziona ndi maso. Chikuto ndi liwu labwino. Chikuta buku monga nsalu ikuta mwana. Mutu ndi wabwino, chinkana utchula zinthu ziwiri, dzina la buku ndi chigawo chake. Koma liwu lotikondweretsa koposa ndilo ndime. Amene anaona mizere ya zilembo, nakumbukira ndime ya kumunda imene munthu adziikira m'mawa kuti ailime dzuwa lisanatenthe, anali munthu wa maso. Mwana wa sukulu akauzidwa kuti awerenge ndime imodzi, adziwa kuti ili ndi poyambira ndi pothera, ndi kuti akafika kumapeto kwake aongola msana, napuma.

Pena Chichewa chaposa ndi Chingerezi chomwe. Ife tinena zilembo zazikulu ndi zilembo zazing'ono, ndipo mwana aliyense amva. Osindikiza a Chingerezi anena upper case ndi lower case, ndiko kuti bokosi la pamwamba ndi bokosi la pansi. Chiyambi chake ndi ichi: kale chilembo chilichonse chinali kachitsulo kakekake, koumbidwa ndi mtovu wosungunula, ndipo wotola zilembo ankaimirira patsogolo pa mabokosi awiri a tizipinda tambiri. Zazikulu zinkakhala m'bokosi la pamwamba, zazing'ono m'la pansi, pafupi ndi dzanja, popeza ndizo zifunika kawirikawiri. Mabokosiwo anachoka kale m'nyumba zambiri zosindikizira, kompyuta italanda ntchito yawo, koma mawu anatsala, ngati dzina la mudzi umene anthu ake anasamuka. Palibe chifukwa chakuti ife tikamange pa bwinja la eni ake.

Tsamba ndilo liwu loyamba limene tili nalo mlandu. Ndi lokoma m'kamwa, ndipo sitifuna kuti lichoke. Koma tsamba la mtengo lili ndi nkhope ziwiri, pamwamba ndi kunsi, likhalabe tsamba limodzi. Pamene m'buku tazolowera kuwerenga nkhope iliyonse payokha, kotero kuti tsamba 7 ndi tsamba 8 ndi pepala limodzi lomwelo, kumaso ndi kuseri. Chingerezi cha osindikiza chisiyanitsa zitatu: sheet, ndilo pepala lonse lisanapindidwe, leaf, ndilo limene chala chitembenuza, ndi page, ndiyo nkhope imodzi. Ife tinena tsamba pa ziwiri za izi, ndipo ena anena pepala pa zonse zitatu. M'kalasi zimenezi sizivuta munthu. Kwa wosindikiza zidya ndalama. Pakuti iye amene anena masamba 20 ali kuganiza za otembenuza ndi chala, wapempha buku lalikulu kawiri kuposa mnzake amene ali kuganiza za nkhope.

Zilembo ziwiri zija, pp, zinena nkhope zimenezi. Ndipo apa mkulu uja anali ndi dandaulo. Mlembi wa mpingo anawerenga bwino zolemba zawo, napeza kuti zikwana masamba 18. Nanga wosindikiza walemba bwanji 20? Kodi sali kuba awiri? Tinatenga pepala limodzi, ndi kulipinda pakati, ndi kumpatsa kuti awerenge nkhope zake. Anapeza 4. Kabuku kotere kapangidwa ndi mapepala opinda, olowetsana lina m'kati mwa linzake, ndipo pepala lililonse libala masamba 4, osachepera, osapitirira. Mapepala 4 apatsa 16, mapepala 5 apatsa 20, 18 palibe. Wosindikizayo sanabe kanthu. Cholakwa chake n'chakuti sanapinde pepala pamaso pa mlendo wake, ntchito ya kamphindi chabe, nalola munthu wachikulire ayende ulendo wonse ali kumyesa mbala. Mabuku aakulu adindidwa pa mapepala otambalala, masamba 16 kapena 32 nthawi imodzi, ndipo ndicho chifukwa chake mupeza masamba oyera opanda kanthu kumapeto kwa mabuku ena. Ife tiyesa kuti pokambirana za mtengo, tsamba likhale nkhope imodzi, monga tiwerengera m'kalasi, ndi pepala likhale lija lisanapindidwe. Ndipo onse awiri apinde pepala asanatchule ndalama.

Pa A5 ndi 80 gsm sitikhalitsa, pakuti iyi ndi miyeso, ndipo muyeso sumasuliridwa. Uphunziridwa, monga tinaphunzira kilogalamu ndi lita. Chimodzi chokha chisocheretsa, ndicho chakuti nambala ikamakula pepala lichepa. Muyeso umenewu unakhazikitsidwa ku Germany m'chaka cha 1922. Pepala lalikulu, A0, kukula kwake konse kulingana ndi malo a mita imodzi uku ndi mita imodzi uku, chinkana lili lotalika mbali imodzi. Kulidula pakati kubala A1, kudulanso A2, kufikira A4, limene tilembapo makalata, la mamilimita 210 m'lifupi ndi 297 m'litali. A5 ndi theka la limenelo. Tsono gsm inena kulemera kwa pepala lalikulu lija m'magalamu. La 80 ndi la masiku onse. La nyuzipepala lichepera pamenepo, nkuona ling'ambika msanga ndi kuonetsa zilembo za kuseri. La chikuto liyenera kulemera kawiri kapena katatu. Mu A0 mutuluka mapepala a A4 okwana 16, motero limodzi lilemera magalamu 5, ndipo mtokoma wa mapepala 500, umene osindikiza autcha ream, ulemera makilogalamu awiri ndi theka. Timabuku 500 ta mapepala 5 tidya mitokoma 5. Mkulu uja atamva izi anayamba kuwerengera ngati njinga yake idzasenza, ndipo tinaona kuti mantha ayamba kumchoka.

Alipo anzathu ena, okonda chinenero ndi mtima wonse, amene afuna kuti liwu lililonse lachilendo lipatsidwe dzina latsopano, chinkana dzinalo litalike ngati chingwe cha pachitsime. Sitivomerezana nawo pa mawu a miyeso. Kalata tinailandira kwa Apwitikizi, buku kwa Angerezi, ndipo palibe gogo amene aziyesa zachilendo lero. Ream yomweyo Angerezi sanaibale. Inachokera ku Chiarabu, niyenda mitundu ingapo isanafike kwa iwo. Liwu lawo la pepala linachokera ku dzina la gumbwa wa ku Egypt, amene anthu akale ankalembapo. Liwu lobwereka liipa pokhapo libisa kanthu.

Ndipo alipo obisa. Saddle stitch ndiko kumanga kabuku ndi timawaya tiwiri pamsana, mapepala atakwera pa chitsulo monga munthu akwera pa chishalo. Wosindikiza akanati, timanga ndi waya pamsana, mkuluyo akanamva pomwepo, nakumbukiranso kuti waya achita dzimbiri m'nyumba yodontha. Loipa koposa ndi perfect binding. Womva Chingerezi pang'ono ayesa kuti ndiko kumanga kwangwiro, kopanda chilema, navomera mokondwa. Koma ndiko kudula msana wa mapepala ndi kuwamata ku chikuto ndi guluu yekha, popanda ulusi. Kumanga kotere kuli ndi malo ake, pa buku lowerenga kamodzi kapena kawiri. Buku la nyimbo, lotsegulidwa Sabata ndi Sabata, lopindidwa ndi manja a thukuta, lifuna kusokedwa ndi ulusi. Ndipo ambiri a ife tili ndi Baibulo la makolo losokedwa, limene laona maliro a mabuku atatu kapena anayi omata. Pano Chichewa chinena poyera chimene Chingerezi chabisa: buku losoka, buku lomata, buku la waya. Mawu atatu amenewo ndiwo ayenera kulembedwa pa kapepala ka mtengo.

Tifike tsopano pa liwu lalikulu, kusindikiza. Pa tanthauzo lake loyamba liyenera ndithu. Kusindikiza ndiko kukanikiza chinthu pa chinzake kuti chisiyepo chizindikiro, ndipo ndi momwe ntchito iyi inayambira. Johannes Gutenberg wa ku Mainz, amene anatsiriza Baibulo lake la Chilatini cha m'ma 1455, anatengera makina ake pa chofinyira mphesa: zilembo zopakidwa inki pansi, pepala pamwamba pake, ndi thabwa lolemera lotsika ndi kupsinja. Koma ife talisenzetsa liwu limeneli akatundu atatu, ndipo lawerama nawo.

Katundu woyamba ndi ntchito ya makina. Wachiwiri ndi ntchito ya iye amene asankha buku, nalikonza, nalipira makina, naligulitsa, nayankha mlandu ngati muli bodza. Angerezi amtcha publisher, ndipo wa makina amtcha printer; kwa ife onse awiri ndi osindikiza. Pa masiku akale a mishoni izi sizinaonekere kwambiri, pakuti ku Blantyre, ku Nkhoma ndi ku Likuni mwini buku ndi mwini makina kawirikawiri anali mmodzi. Kwa osindikiza a malonda si kutero. Mlembi wa kumudzi atenga nkhani yake, napita nayo kwa mwini makina, ali kuyembekeza kuti adzaikonza, nadzaifikitsa m'masitolo, nadzampatsa gawo la phindu. Koma alandira makatoni a mabuku ndi kalata ya ngongole, ndipo makatoniwo akhala kunsi kwa kama kufikira chiswe chiwapeza. Palibe munthu amene anamnamiza. Liwu ndilo linamnamiza. Komatu Chichewa chili nawo mawu okwana. Kudinda, kumene tikudziwa pa chidindo cha kwa mfumu, kuyenera mwini makina. Kufalitsa kuyenera mwini buku. Tikadazolowera kufunsa kuti, kodi inu mudinda chabe, kapena mufalitsanso, ambiri sakadalira.

Katundu wachitatu apezeka kuseri kwa tsamba loyamba la buku, pamene owerenga ambiri adumpha. Pamenepo tiwerenga kuti buku linasindikizidwa koyamba chaka chakuti, kachiwiri chaka chakuti. Koma kachiwiri kameneka ndi kotani? Pali kudindanso buku monga lilili, osasintha ngakhale mpumiro umodzi, chimene osindikiza achitcha reprint kapena impression. Ndipo pali kulikonzanso, kuonjeza ndi kuchotsa, chimene achitcha edition yatsopano. Buku la matanthauzo a mawu a Chimang'anja limene David Clement Scott anatulutsa mu 1892 linakonzedwanso ndi Alexander Hetherwick, nilituluka mu 1929 ndi dzina lina. Uko ndiko kukonzanso. Buku Lopatulika, limene linatuluka lathunthu mu 1922 William Murray atatsogolera omasulira, ladindidwanso nthawi zambiri. Buku Loyera la 1998 si kudindanso kapena kukonzanso kwa limenelo ayi, koma kumasulira kwina kwatsopano. Zinthu zitatu zosiyana. Ndipo tamva anthu ophunzira azitchula zonse kusindikizanso. Mphunzitsi adziwa kuwawa kwake. Auza ana kuti atsegule tsamba 40, ndipo theka la kalasi liwerenga nkhani ina, chifukwa makolo anagula mabuku a dzina limodzi, a chikuto chimodzi, koma a makonzedwe awiri. Wogulira mpingo mabuku a nyimbo afunse ichi asanamasule mpango wa ndalama, kuti manambala a nyimbo angasiyane ndi a m'mabuku amene ali kale m'manja mwa anthu.

Tasunga kumapeto liwu limene lili ndi ngozi yoposa onse, ndilo proof. Ndipo ndi lomweli limene lilibe dzina m'Chichewa lodziwika kwa anthu onse. Proof ndi kope loyamba limene wosindikiza atulutsa kuti mwini ntchito aliwerenge, napeze zolakwa, makina asanayambe kuthamanga. M'Chingerezi liwu lomweli litanthauzanso umboni, ndipo matanthauzo onse awiri agwira ntchito pano. Musanasaine, pepalalo ndi loyesera. Mutasaina, lasanduka mboni, ndipo lidzaimirira kutsutsa inu eni. Mwambo wa osindikiza ndi wakuti cholakwa chimene chinali pa proof yosainidwa ndi cha wosainayo. Mwambowo si woipa, pakuti wosindikiza sangadziwe ngati dzina la gogo wakuti lilembedwa motere kapena motere. Choipa n'chakuti munthu apatsidwa cholembera osauzidwa kulemera kwake. Ambiri ayesa kuti asaina kuvomera kuti alandira pepala, monga tisainira katundu wa ku positi. Ayang'ana chithunzi cha pachikuto, naona kuti chakongola, nalemba dzina.

Cholakwa cha mlaliki chimveka kamodzi, nichiiwalika pofika madzulo. Cholakwa cha makina chibadwa ka 500 tsiku limodzi, ndipo madzi akatayika sawoleka. M'chaka cha 1631, ku London, Robert Barker ndi Martin Lucas, osindikiza a mfumu, anatulutsa Baibulo m'mene munasowa kaliwu kamodzi kokaniza, ka zilembo zitatu, pa Eksodo 20:14; ndipo lamulo loletsa chigololo linasanduka lolamula. Analipitsidwa mapaundi 300, nalandidwa chilolezo cha ntchito yawo, ndipo mabuku ambiri a kudinda kumeneko anaonongedwa. Awa anali akatswiri, ogwira ntchito m'chinenero chawo chobadwa nacho.

Ife tili pa ngozi yoposa yawo. Kukana kwa Chingerezi ndi liwu loima palokha, ndipo akatswiri aja analiphonyabe. Kukana kwathu kubisala m'kati mwa liwu, zilembo ziwiri zokha: musabwere ndi mubwere, asapite ndi apite. Zikagwa ziwirizo, chotsala chikhalabe Chichewa chabwino, ndipo diso lidutsa osakhumudwa. Chimodzimodzi h: phala tipatsa mwana, pala ndi lamulo kwa mmisiri wa matabwa. Chimodzimodzi nkhodolero, kachizindikiro kaja kolendewera pamwamba: ng'oma ilira pa gule, ngoma ithamanga m'tchire ndi nyanga zake zopota. Pamwamba pa izi, kompyuta zambiri zinaphunzira Chingerezi, osati Chichewa. Zidula mawu athu pamalo osayenera kumapeto kwa mzere, ndipo pena zisintha mwakachetechete liwu lathu, likhale lachingerezi lofanana nalo. Palinso za kalembedwe. Mabuku ambiri akale analemba c pamene ife tilemba ch, kufikira malamulo a kalembedwe a m'ma 1970 anakhazikitsa ch m'Malawi. Ndipo abale athu a ku Zambia asungabe c. Wokopera mawu kuchokera m'kaundula wakale wa mpingo asankhe njira imodzi, asasakanize ziwiri pa tsamba limodzi.

Osindikiza akale anali ndi mwambo umene sutaya ndalama, ndipo mpingo uliwonse ukhoza kuutsata. Proof iwerengedwa ndi anthu awiri. Mmodzi agwira zolemba zoyamba, nawerenga mokweza, natchula ndi mpumiro ndi mpatuliro womwe. Mnzake atsata pa proof, ataika lula kunsi kwa mzere kuti diso lisathamange. Mayina a anthu ndi manambala atchulidwa chilembo ndi chilembo. Mlembi mwini asakhale wotsatayo, pakuti iye aona chimene anafuna kulemba, osati chimene chili pa pepala. Ife eni tinaphunzira ichi ndi manyazi, titapereka kwa ana mayeso a masamu amene tinawawerenga katatu tokha, funso lina lilibe yankho. Cholakwa chikapezeka chisonyezedwe kawiri, m'kati mwa mzere ndi m'mphepete mwa tsamba, kuti wokonza asachiphonye. Ndipo zolakwa zikakonzedwa, pemphani kuonanso. Pakuti dzanja lokonza chimodzi kawirikawiri ligwetsa china pafupi pake.

Tsono dzina lake likhale lotani? Sitifuna lalitali. Kope loyesera likwana, pakuti linena kuti chinthucho sichinathe, ndi kuti chiyembekeza diso la mwini. Koma dzina lokha silipulumutsa munthu. Chimene tipempha kwa osindikiza onse, a malonda ndi a mipingo omwe, ndi mzere umodzi wa Chichewa pamwamba pa malo osainapo, wonena kuti: mukasaina pano, zolakwa zotsala ndi zanu. Inki ya mzere umenewo siposa ya chithunzi cha maluwa chimene aika pa ngodya ya pepala. Wosindikiza amene akana kuulemba tidzayamba kumfunsa chimene apindula ndi mdima.

Atapita masabata awiri mkulu uja anabweranso, kope loyesera lili m'manja, losasainidwa. Tinakhala pakhonde pamodzi ndi mlembi wa mpingo, mlembiyo ali kuwerenga mokweza, ife tili kutsata ndi lula. Zolakwa zazing'ono zinalipo zingapo, ndipo ziwiri zinali zazikulu. Pa chaka chimene tchalitchi chinamangidwa manambala awiri anasinthana malo, kotero kuti nyumbayo inaoneka yomangidwa omanga ake atamwalira kale. Ndipo pa mfunda wa mayi amene anapereka malo, wotayipa anataya Na wa kumayambiriro, mayiyo nasanduka mwamuna. Mkuluyo anagwira pakamwa. Zidzukulu za mayiyo ndizo zinasonkha koposa ena onse.

Tinayesa kuti tatha, koma gogo wina wa pabanja pathu anapempha kuti aone. Anayandikiza pepala kumaso, nalitalikitsa, nalibweza, nati, "Ana inu, izi ndi nyerere." Apa panatulukira liwu limene pa kapepala ka mtengo panalibe konse, ndilo point, muyeso wa kukula kwa zilembo, mu inchi imodzi mulowa 72. Wosindikiza anaika zilembo za 10, ndipo nazo nkhani yonse inalowa m'masamba 20. Maso a okalamba, makamaka madzulo pa nyale, afuna za 12. Tinawerengera pamodzi, tinapeza kuti zikakula motero kabuku kadzafika masamba 28, ndiwo mapepala 7, ndiyo mitokoma iwiri yoonjeza pa isanu ija, ndipo ndalama zosonkhedwa sizikwana.

Mkuluyo anapinda kope loyesera, naliika m'thumba osasaina, nati akapereka nkhaniyi ku bungwe la mpingo. Tamva kuti anyamata akuti asindikize momwemo, popeza tsiku la chikondwerero layandikira. Koma amayi achikulire akuti kabukuko kanena za amuna awo ndi makolo awo, ndipo sapereka nkhuku zawo kugula chinthu chimene adzachita kuwerengeredwa ndi mwana. Ena akuti achepetse timabuku, tikhale 350 ta zilembo zazikulupo, pakuti mapepala ake akwana mitokoma isanu yomweyo. Polemba izi bungwelo lakhala kawiri, ndipo lidzakhalanso Loweruka likudzali.